Miyala ya ku Istanbul ndi anthu amene anaikoka

Alendo ambiri amafika ku Istanbul, mzinda waukulu wa ku Turkey, ndi masiku atatu kapena anayi, mndandanda uli m'manja. M'mawa ali mu Hagia Sophia, masana ku Topkapı, madzulo akwera boti pa Bosphorus, mpata wa nyanja wolekanitsa Europe ndi Asia, kuti ajambule dzuwa likulowa, mawa lake ali m'ndege. Sindiwanyoza ayi, munthu amaona zimene nthawi yake yamulola. Ine ndinafika mumzindawu ngati mwana wasukulu, ndalama zochepa koma miyezi yambiri, ndipo malo amene ena amawawolokera nyanja kuti awaone anali m'njira yanga yopita ku kalasi. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene ndikufuna kunena pano sindinazione tsiku loyamba. Zinabwera pang'onopang'ono chifukwa chodutsa pamalo omwewo m'mvula, m'chisanu ndi m'dzuwa, mpaka ndinayamba kufunsa funso limodzimodzi paliponse: kodi chinthu ichi chinachokera kuti, nanga anachifikitsa kuno ndani?

Ophunzira ambiri ochokera kunja amayamba ndi chaka chophunzira chiyankhulo cha dzikolo, ndipo m'miyezi imeneyo masana amakhala ako. Sitima ya mumsewu ya T1, yochokera ku Kabataş kupita ku Bağcılar, imadutsa pakati penipeni pa mzinda wakale. Kuchokera ku Sultanahmet kukwera ku Beyazıt imatsata msewu wa Divan Yolu, umene unagona pamwamba pa msewu waukulu wa Aroma wotchedwa Mese. Kawirikawiri ndinkatsika msanga n'kuyenda wapansi, simit (buledi wozungulira ngati mkombero) ili m'manja. Pafupi ndi Beyazıt, m'mbali mwa njanji, muli zibenthu zikuluzikulu za miyala yoyera yosemedwa ngati thunthu la mtengo wosadzidwa nthambi. Ndi zotsala za bwalo la mfumu Theodosius la m'zaka za m'ma 390, zimene zinatulukira pokulitsa msewu m'zaka za m'ma 1950. Palibe tikiti, palibe mzere. Amphaka amagonapo, anthu amadutsa akuyankhula pa foni.

Ukatsetsereka pang'ono umafika pa Çemberlitaş, chipilala chakuda chomangidwa ndi mikombero yachitsulo kuti chisasweke. Mfumu Constantine inachiimika pamene inkatsegulira mzindawu kukhala likulu lake latsopano pa 11 May m'chaka cha 330. Mwala wake wofiirira, wotchedwa porphyry, sapezeka kuno. Anausema m'mapiri a m'chipululu cha kum'mawa kwa Egypt, n'kuukoka mpaka ku mtsinje wa Nile, n'kuutsitsira ku Alexandria, n'kuuwolotsa nyanja ya Mediterranean. Constantine ankafuna likulu looneka ngati lakhalapo kuyambira kalekale, ndiye anatuma anthu kukatenga zosemasema ndi zipilala m'mizinda ina ya ufumu wake. Nditamva zimenezi ndinayamba kuuona mzinda wonse mwa mtundu wina. Zambiri mwa zinthu zazikulu zimene timabwera kudzazijambula kuno sizinabadwire kuno.

Malo amene zimenezi zimaonekera poyera ndi bwalo la Sultanahmet, limene kale linali Hippodrome, kochitira mipikisano ya magaleta okokedwa ndi akavalo. Pakati pake paimirira chipilala cha mwala umodzi chosongoka kumutu, chotalika pafupifupi mamita 20, cholembedwa zilembo za ku Egypt zakuthwa ngati zasemedwa dzulo. Anachisemetsa ndi Farao Thutmose III, amene analamulira zaka zoposa 1,400 Khristu asanabadwe, ndipo chinkaima pa kachisi wa ku Karnak, ku Egypt komweko. Pamene Theodosius ankachiimika kuno m'chaka cha 390, chinali chitakhala kale zaka pafupifupi 1,800. Alendo amayang'ana m'mwamba. Ine ndikupemphani kuti mukadzafika mudzayang'ane pansi, m'dzenje lotchingidwa ndi zitsulo mmene muli tsinde lake, pakuti nthaka ya mzindawu inakwera ndithu kuchokera nthawi imeneyo. Pa mwala wa tsindewo anasemapo mfumu ili ndi banja lake ndi nduna zake, onse akuluakulu, akuonerera masewera. M'munsi mwawo, pamene munthu ayenera kuwerama kuti aone, pali chithunzi cha chipilalacho chitagona chammbali, ndi timaanthu ting'onoting'ono tikukoka zingwe ndi kuzunguza zipangizo zokwezera. Mawu a Chilatini olembedwa pamenepo amati ntchito yoimika inatenga masiku 30, a Chigiriki amati 32. Onse amatchula mfumu ndi bwanamkubwa wa mzinda, Proclus. Okoka zingwewo alibe dzina ngakhale mmodzi, komabe wosema uja anawaikapo, ndipo ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Ndaimapo pamenepo kambirimbiri ndikuganiza za misana yawo.

Pafupi pomwepo pali kachipilala kamkuwa kopotana, kooneka konyozeka poyerekeza ndi kanzake. Ndi njoka zitatu zolukana zimene Agiriki anapanga atagonjetsa Aperisiya ku Plataea m'chaka cha 479 Khristu asanabadwe, n'kulembapo mayina a mizinda 31 imene inamenya nawo nkhondoyo. Kankaima ku Delphi, ku Greece, mpaka Constantine anakatenga. Mitu ya njokazo inathyoka cha m'ma 1700, ndipo chibenthu cha mutu umodzi chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Istanbul Archaeology Museums. Wolanda naye amalandidwa. Akavalo anayi amkuwa amene ankakongoletsa Hippodrome ali ku Venice, ku Italy, lero, chifukwa m'chaka cha 1204 asilikali achikhristu a kumadzulo, amene ananyamuka ponena kuti akupita kukamenyera dziko loyera, anakhotera kuno n'kufunkha mzinda wa Akhristu anzawo.

Bwalo lomweli linamwa magazi ambiri. Mu Januwale 532 magulu awiri ochemerera mipikisano, Obiriwira ndi Abuluu, amene nthawi zonse ankadana, anagwirizana kuukira mfumu Justinian. Anatentha gawo lalikulu la mzinda, kuphatikizapo tchalitchi chachikulu. Asilikali a mfumu anawatsekera mu Hippodrome n'kupha anthu pafupifupi 30,000. Lero pamenepo pali mabenchi ndi ogulitsa chimanga chootcha, ndipo ana amathamangitsa nkhunda.

Pa phulusa la tchalitchi chotenthedwacho m'pamene Justinian anamanga Hagia Sophia amene tikumuona lero. Ntchito inayamba patangopita milungu yochepa chipolowe chitatha, ndipo inatha pa 27 December 537, zaka zosakwana 6. Amisiri otsogolera, Anthemius wa ku Tralles ndi Isidore wa ku Miletus, anali akatswiri a masamu. Anayala denga lozungulira lotambalala mamita pafupifupi 31, ndipo lero msonga yake ili pamwamba mamita oposa 55. Denga loyambalo linali lophwatalala kwambiri, zivomezi zinaligwedeza, ndipo linagwa m'chaka cha 558. Limene lilipoli ndi lachiwiri, lomalizidwa mu 562, ngakhale kuti mbali zake zina zinagwanso pambuyo pake n'kukonzedwa. M'munsi mwake muli mawindo 40 ozungulira, ndipo dzuwa likalowera pamenepo diso limalephera kupeza chimene chanyamula kulemera konseko.

Nyumbayi inakhala tchalitchi zaka zoposa 900, mzikiti kuyambira 1453 pamene Aturuki analanda mzindawu, nyumba yoonetsera zakale kuyambira m'ma 1930, kenaka mzikitinso kuyambira mu Julayi 2020. Kusintha komalizaku kunautsa mkangano padziko lonse, ndipo ngakhale m'kalasi mwathu anzanga sankagwirizana. Kuyambira mu Januwale 2024 alendo ochokera kunja amalipira ma euro 25 n'kulowera khomo lina lopita pakhonde lam'mwamba, pansi pakhala pa opemphera. Kwa mwana wasukulu ndalama imeneyo si yochepa, koma khondelo ndi limene lili ndi zimene ndinkafuna. Umakwera ndi kanjira ka miyala kopanda masitepe, kokhotakhota m'kati mwa khoma. Ukafika pamwamba umaona zonse pamodzi: zikwangwani zozungulira zazikulu zolembedwa mayina a Allah, Mtumiki Muhammad ndi atsogoleri oyamba a Chisilamu, zimene Kazasker Mustafa İzzet Efendi analemba m'zaka za m'ma 1840, ndi chithunzi cha Khristu cha timiyala tagolide cha m'zaka za m'ma 1200, nkhope yake yofatsa, theka la chithunzicho litayoyoka. Moyang'anana nacho, pansi, pali mwala wolembedwa dzina la Enrico Dandolo, mtsogoleri wa Venice amene anabweretsa ofunkha a mu 1204 aja n'kufera kuno chaka chotsatira. Zipilala zobiriwira ndi za mwala wa ku Thessaly, zofiirira ndi za mwala wa ku Egypt uja.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri pakhondepo ndi chaching'ono. Pa mwala wotchinga m'mphepete pali timizere tokandidwa ndi mpeni, tophimbidwa ndi galasi. Ndi zilembo za anthu a kumpoto kwa Europe, ndipo chimene chimawerengeka ndi dzina loti Halfdan. Mafumu a mzindawu ankalemba ntchito ankhondo ochokera kumeneko kuti akhale alonda awo. Mlendo ameneyu anaima m'nyumba imene mapemphero ake ankachitika m'chiyankhulo cha eni, kutali ndi kwawo, n'kukanda dzina lake pamwala. Sindivomereza kukanda makoma, koma mtima umene unamuchititsa zimenezo ndikuudziwa. Aliyense amene anakhalapo miyezi pakati pa anthu oyankhula zimene iye akungotolako mawu amodziamodzi amaudziwa.

Kutsidya kwa msewu, pansi pa nthaka, kuli nkhokwe ya madzi ya Yerebatan, nayonso ya nthawi ya Justinian. Zipilala 336, m'mizere 12, chilichonse mamita 9, zaimirira m'madzi. Zambiri anazitola ku nyumba zakale zogumuka, n'chifukwa chake sizifanana. Pakona pali mitu iwiri ikuluikulu ya Medusa, mkazi wa tsitsi la njoka wa m'nthano za Agiriki, wina wozondoka, wina wogona chammbali, yoikidwa ngati zotsamiritsa zipilala zofupika. Anthu amasimba nthano zambiri za chifukwa chake. Ine ndimaona mmisiri amene ankafuna mwala wa msinkhu woyenera, n'kuupeza.

Tsopano ndifike pa chimene chinandipangitsa kulemba zonsezi.

Nyumba yachifumu ya Topkapı inayamba kumangidwa ndi Mehmed II, Sultan (mfumu) wa Aturuki, patangopita zaka zochepa atalanda mzindawu, ndipo inakhala likulu la ma Sultan mpaka anasamukira ku Dolmabahçe mu 1856. Mu 1924 inasanduka malo oonetsera zakale. Muli mabwalo amitengo, makhitchini a machumuni ataliatali, mipeni ya miyala yamtengo wapatali, ndi khonde loyang'ana pamene Bosphorus, Golden Horn (mkono wa nyanja wolowa mumzinda) ndi nyanja ya Marmara zimakumana. Gawo limene aliyense amathamangira ndi Harem, kumene kunkakhala mayi wa Sultan, akazi ake, adzakazi ndi ana. Ukangolowa, usanafike kuzipinda zokongolazo, umadutsa bwalo lalitali lopapatiza, lozizira, lokhala ndi zipilala mbali imodzi, kumbuyo kwake tizipinda tosanjikizana. Limeneli ndi bwalo la alonda akuda a Harem. Anali amuna ofulidwa ochokera ku Africa.

Ankawagwira ali anyamata ang'onoang'ono, makamaka ku Ethiopia ndi ku Sudan, n'kuwatsitsa ndi njira za akapolo zolowera ku Egypt. Ambiri ankafulidwa m'njira, kum'mwera kwa Egypt, ndipo ochuluka ankafa ndi mabalawo. Opulumuka ankagulitsidwa pa mtengo wokwera m'nyumba za akuluakulu ku Cairo, ndipo ena ankaperekedwa ngati mphatso ku nyumba ya Sultan. Kumeneko ankapatsidwa mayina atsopano, chipembedzo chatsopano ndi chiyankhulo chatsopano. Tsiku limene ndinalowa koyamba ndinali m'mbuyo mwa gulu la alendo. Wowatsogolera anaima pabwalopo mphindi imodzi, ananena kanthabwala ka zimene anthuwa anachotsedwa, gulu linaseka, n'kupitirira kukaona matailosi. Ine miyendo inakana. M'nyumba yonse yaikuluyo, pamenepa m'pamene panakhala anthu a khungu ngati langa, ndipo anali ana a anthu. Kwinakwake kunali mayi amene anadikira mpaka imfa osadziwa kuti mwana wake ali moyo kutsidya kwa nyanja ziwiri.

Nkhani yawo sithera pa chisoni chokha, ndipo kuithera pamenepo kungakhale kuwachepetsa kachiwiri. Kuyambira mu 1574, pa nthawi ya Murad III, udindo wa mkulu wa Harem, wotchedwa Kızlar Ağası, unapita kwa anthu akudawa, ndipo woyamba anali Habeşi Mehmed Ağa. Udindowu unakula mpaka kukhala umodzi mwa maudindo amphamvu kwambiri mu ufumu wonse. Mwini wake ankatha kuonana ndi Sultan nthawi imene nduna zina sizikanatha, ankayang'anira maphunziro a ana achifumu, ndiponso ankayendetsa chuma cha minda ndi nyumba zoperekedwa kuti zisamalire Mecca ndi Medina. Wotchuka koposa ndi Hacı Beşir Ağa, wobadwira ku Ethiopia, amene anakhala pa udindowu kuyambira 1717 mpaka imfa yake mu 1746, pansi pa Ahmed III ndi Mahmud I. Asanafike pamenepo anathamangitsidwapo kupita ku Cyprus ndi ku Egypt, anakatumikiranso ku manda a Mtumiki ku Medina. Atabwerera, mawu ake ankakweza ndi kugwetsa nduna zazikulu za ufumu. Anali munthu wokonda mabuku, anasonkhanitsa ambiri n'kumanga malaibulale. Anaikidwa m'manda ku Eyüp, malo amene Asilamu a mumzindawu amawalemekeza koposa.

Mzikiti wake ulipo mpaka lero, pafupi ndi siteshoni ya Gülhane, kufupi ndi chipata cha Bab-ı Ali kumene kunali maofesi a nduna yaikulu. Unamangidwa mu 1745, pamodzi ndi sukulu, laibulale ndi kanyumba kogawira madzi akumwa kwa odutsa. Ndi waung'ono, ndipo khamu lochokera ku Topkapı limaudutsa osatembenuka. Ndinkapitako masana, pakati pa nthawi za swala, n'kuvula nsapato n'kukhala kumbuyo. Sindinganame kuti ndinkamva kunyada kokhakokha. Munthu ameneyu anali ndi akapolo akeake, anali mzati wa dongosolo lomwe linamupundula. Mphamvu zake zonse zinachokera pa mfundo yoti analibe mbumba yoti n'kuisiyira chuma, analibe kwawo kobwerera, choncho mfumu inkamukhulupirira. Komabe kamwana kogwidwa kumapiri a Ethiopia kanafika polemba dzina lake pa khoma la likulu la dziko la eni, ndi mwala, mwaulemu, ndipo lakhalapo zaka pafupifupi 280. Zinthu ziwirizi ndimazisunga pamodzi, sindifuna kutaya chimodzi kuti chinzake chipepuke.

Msika wa akapolo unali pafupi ndi Çemberlitaş pomwe paja, kufupi ndi chipata cha Nuruosmaniye cholowera mu Kapalıçarşı, msika waukulu wofoleredwa wa masitolo pafupifupi 4,000. Unatsekedwa m'zaka za m'ma 1840 pa ulamuliro wa Abdülmecid, ngakhale kuti malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri. Pamalopo lero pali masitolo ndi malo odyera. Zidzukulu za anthu a ku Africa amene anabweretsedwa mu ufumuwu zilipo mpaka pano, zambiri m'midzi ya kufupi ndi İzmir. Anzanga ena obadwira m'dziko lomweli anadabwa nditawauza zimenezi.

Kuseri kwa Istanbul University, pa phiri loyang'ana Golden Horn, kuli Süleymaniye, kumene ndinkapita mutu ukalemera. Kwa ine umenewu ndiye mzikiti wokongola koposa mumzindawu, kuposa ngakhale wa Sultan Ahmed wa nsanja 6 ndi matailosi abuluu umene aliyense amaujambula. M'kati mwake ndi mowala, mopanda zodzadza, ndipo mawu amayenda bwino popanda kukuwa. Anaumanga Mimar Sinan pakati pa 1550 ndi 1557, pa lamulo la Sultan Süleyman. Sinan nayenso anali munthu wotengedwa. Anabadwira m'banja lachikhristu m'mudzi wa Ağırnas kufupi ndi Kayseri, n'kutengedwa pa dongosolo la devşirme, limene ufumu unkasonkhanitsira anyamata achikhristu kuti akhale asilikali ndi antchito a Sultan. Anaphunzira ukalipentala, anamanga milatho ya asilikali ku nkhondo, ndipo anakhala mmisiri wamkulu wa ufumu pafupifupi zaka 50, mpaka imfa yake mu 1588. Nyumba zoposa 300 zimatchulidwa dzina lake. Ndi iyenso amene anachirikiza makoma a Hagia Sophia atayamba kupendekeka, ndipo mwina popanda iye sitikanaiona ili chiimire. M'munda wa kumbuyo kwa mzikiti muli manda a Süleyman ndi a mkazi wake Hürrem, amene naye anafika kuno ngati kapolo wochokera kudera limene lero ndi Ukraine. Manda a Sinan ali kunja kwa mpanda, pakona ya misewu iwiri, aang'ono.

Süleymaniye sunali mzikiti wokha. Panali sukulu, chipatala, mosambira, ndi khitchini yodyetsa osauka ndi apaulendo. M'nyumba za sukulu zakalezo, moyang'anana ndi mzikiti, lero muli malo odyera otchuka ndi nyemba zoyera zophikidwa ndi tomato, kuru fasulye, zimene amadyera mpunga. Ana asukulu ndi aphunzitsi awo amadzaza pamenepo masana. Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri pa nyumbayi ndi chakuti mabuku a malipiro a amisiri ake anasungika. Alembi ankalemba mayina a osema miyala, omanga, akalipentala ndi osula zitsulo, kumene anachokera ndi ndalama zimene analandira, ndipo pafupifupi theka la amisiriwo anali Akhristu. Apa okoka zingwe ali ndi mayina. Alembiwo ankangofuna kuti ndalama za mfumu zisasowe, koma chifukwa cha iwo tikudziwa kuti manja amene anaimika dengalo anali a anthu otani.

Tsiku lina Loweruka, nyengo yozizira itayamba kutha, ndinayenda m'mbali mwa malinga a kumtunda, kuchokera ku Yedikule pa nyanja ya Marmara kulowera ku Golden Horn, mtunda wa makilomita pafupifupi 6. Malingawa anamalizidwa cha m'ma 413 pa nthawi ya Theodosius II: khoma lalikulu, khoma laling'ono patsogolo pake, kenaka ngalande. Chivomezi cha mu 447 chinagwetsa nsanja zambiri pamene Attila, mfumu yankhondo ya mtundu wa Ahuni, ankayandikira, ndipo anthu a mumzinda anazimanganso m'masiku 60. Mawu okumbutsa zimenezi akadali pa chipata cha Mevlevihane. Kwa zaka 1,000 palibe gulu lankhondo limene linawaboola kuchokera kumtunda, mpaka Mehmed II, mnyamata wa zaka 21, anabwera ndi mizinga ikuluikulu, ina yopangidwa ndi mmisiri wachikhristu dzina lake Orban. Poona kuti unyolo watseka khomo la Golden Horn, anakoketsa zombo zake pamtunda, kuseri kwa Galata, n'kuzitsitsira m'madzi kumbuyo kwa unyolowo. Apanso panali zingwe ndi misana ya anthu. Mzinda unagwa pa 29 May 1453, utazingidwa masiku 53, ndipo mfumu yomaliza, Constantine XI, inafera pankhondopo. M'ngalande ija lero muli madimba. Anthu amalimamo letesi, anyezi ndi masamba ena pansi penipeni pa nsanja, ndipo ulimi wa m'mbali mwa malingawa ndi wakale zaka mazanamazana. Bambo wina wachikulire amene ankathirira mbewu anandiitana, n'kundipatsa tiyi m'kagalasi kakang'ono, n'kundifunsa kwathu ndi zimene ndikuphunzira. Naye anati si wa mumzinda muno, anabwera ali mnyamata kuchokera kumudzi wa kufupi ndi Black Sea.

Ku Istanbul ukafunsa munthu kwawo, kawirikawiri amatchula dera lina, Sivas, Rize, Diyarbakır, ngakhale atabadwira mumzinda momwemo. Mzinda wa anthu oposa 15 miliyoni umenewu ukadali kukoka anthu monga unkachitira kale.

Pokumba siteshoni ya Yenikapı ya njanji ya Marmaray, imene imadutsa pansi pa Bosphorus ndipo inatsegulidwa pa 29 October 2013, anapeza doko lakale la Theodosius litakwiririka m'matope, muli zombo 37 zomira. Ntchito ya njanji inachedwa zaka zingapo chifukwa cha zimenezi. Madoko a mbali imeneyi ndi amene ankalandira tirigu wa ku Egypt, amene anadyetsa mzindawu mpaka m'zaka za m'ma 600. Ukatuluka pa siteshoniyo n'kuyenda mphindi zochepa umalowa m'misewu ya Aksaray, Laleli ndi Kumkapı, ndipo kumeneko Africa sali pamwala kapena m'buku. Pali malo odyera a anthu a ku Somalia ndi ku Ethiopia, mashopu ometera, ndi maofesi otumiza katundu amene mawindo awo alembedwa Dakar, Lagos, Kinshasa, Mogadishu. Amayi amalonda amabwera kudzapikula zovala ndi nsapato, anyamata amakankha mabelo okulungidwa m'mapulasitiki pa tingolo ta matayala awiri, ena amasenza pamsana kukwera zitunda zimene galimoto singalowe. Anyamata a ku Senegal amayala mawotchi ndi mafuta onunkhira m'mbali mwa msewu, maso ali uku ndi uku.

Mmodzi wa iwo, amene tinazolowerana chifukwa ndinkadutsa pamalo pake, anali atakhala mumzindawu zaka zambiri kuposa ine koma anali asanalowepo mu Topkapı. Anati tikiti yake ndi chakudya cha masiku angapo, komanso tsiku losagulitsa ndi tsiku lotayika. Za Beşir Ağa anali asanamvepo. Lachisanu lina tinapita limodzi ku mzikiti uja wa ku Gülhane, iye analowa kukaswali, ine ndinamudikira panja pa kanyumba ka madzi kaja. Atatuluka anandifunsa mafunso ambiri kuposa amene ndikanatha kuyankha: anagwidwa ali ndi zaka zingati, ankakumbukira chiyankhulo cha kwawo kapena ayi, ndani analandira mabuku ake. Tinatsetserekera ku Eminönü tikukambirana zomwezo, iye n'kukwera T1 kubwerera ku mawotchi ake, ine n'kukwera boti la ku Üsküdar kumene ndinali ndi mayeso oti ndikonzekere ndi anzanga.